Mchinji si malo ongodutsapo

Tikatchula Mchinji m'kalasi mwathu, ambiri amangoganiza za chipata cha Mwami, anyamata osintha ndalama ndi mathiraki opita ku Chipata. Ena amanena poyera kuti boma likadzawatumiza kukaphunzitsa kumeneko, adzapempha kusamutsidwa chaka chomwecho. Ife tikuona kuti maganizo amenewa ndi ofunika kuwaunikanso.

Tauniyi inayamba ngati linga la asilikali a atsamunda pa nthawi imene ankalimbana ndi Angoni a Mpezeni, nkhondo imene inafika pachimake mu 1898. Malowo anawatcha Fort Manning, potengera dzina la William Manning, msilikali amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Kutsidya, Chipata ankatchedwa Fort Jameson. Malire anadula pakati pa abale, n'chifukwa chake mpaka lero Angoni ambiri a ku Mchinji amawoloka mwezi wa February kupita ku Ncwala ku Mtenguleni.

Zambiri zimene zinamangidwa ku Mchinji kuyambira pamenepo zinamangidwira katundu wodutsa. Pali msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe, njanji imene inalumikizidwa ndi Chipata mu 2010, komanso nyumba yatsopano ya pachipata imene inatsegulidwa mu 2022. Koma chuma chenicheni cha bomali chili m'minda: mtedza, soya, fodya ndi chimanga. Chomvetsa chisoni n'chakuti nachonso chimangodutsa. Mlimi akangokolola, mavenda amafika ndi masikelo awo, ena obera, ndipo iye amagulitsa motchipa chifukwa fizi ya mwana sidikira kuti mitengo ikwere.

Si kuti alimiwa sangathe kudziimira. Atagwirizana pansi pa NASFAM, mtedza wawo unafika mpaka m'masitolo a ku Britain kudzera mu Fairtrade. Chinafunika ndi anthu odziwa kuwerenga sikelo, kulemba za malonda m'kaundula ndi kumvetsa pangano asanasaine. Anthu otere amachokera m'kalasi, ndipo kalasi imafuna mphunzitsi wokhazikika, osati wobwera temu imodzi maso ali kumsewu.

Tikudziwa kuti anzathu sadandaula pachabe. Nyumba za aphunzitsi n'zochepa, sukulu zambiri zilibe magetsi, ndipo mvula ikagwa misewu ya kumidzi imavuta. Boma liyenera kukonza zimenezi, ndipo tisaleke kulikumbutsa. Komabe tikumbukire kuti kutsidya kwa malire omwewa kuli chipatala cha mpingo wathu cha Mwami, chimene chinayamba m'zaka za m'ma 1920. Amene anachiyambitsa sanapeze magetsi kapena msewu wa phula. Anangokhala, ndipo lero odwala ochokera ku Mchinji amapita kukathandizidwa komweko.

Posachedwapa makalata otitumiza kuntchito adzabwera. Lina lidzalembedwa Mkanda, lina Kapiri, lina Kamwendo. Tisadzathamangire kufunafuna wachibale wa ku ofesi woti atisinthire malo. Tidzapite, tidzakhale, ndipo tidzaphunzitse mwana wa mlimi wa mtedza kuwerenga yekha sikelo ya venda.