ZA NZERU ZATSOPANO: MPHIRA WODZIWA KUWERENGA

Mlimi ali yense wa soya adziwa kuti akacedwa kukolola, makoko amathetheka okha padzuwa ndi kumwaza mbeu pansi. Khoko liribe maso kapena ubongo, koma limamva kuuma kwa mphepo, nilipotoka pa nthawi yake. Akatswiri a sayansi masiku ano ali kupanga zipangizo za khalidwe lotere, zimene zimamva kutentha kapena kulemera ndi kucitapo kanthu popanda magetsi.

Nzeruyi inayamba kale. M'zaka za m'ma 1700, mmisiri wa mawochi wa ku England, John Harrison, anaphatikiza zitsulo ziwiri zosiyana kukhala kapepala kamodzi. Popeza cina cimafutukuka msanga kuposa cinzace cikatenthedwa, kapepalako kamapindika kokha. Kacitsulo kotere ndiko kamazimitsa nsimbi ya magetsi ikatentha kopitirira.

M'caka ca 2023, Lennard Kwakernaak ndi Martin van Hecke a ku yunivesite ya Leiden, m'dziko la Netherlands, anaonetsa cidutswa ca mphira cimene cimawerenga kufikira khumi. M'kati mwace anasemamo timizati tondandalika pamzere. Munthu akacipsinja kamodzi, kamzati koyamba kamakhotera mbali yina ndi kukhala comweco. Akacipsinjanso, kaciwiri kamatsatira. Wofuna kudziwa kuti capsinjidwa kangati angowerenga timizati tokhota, monga momwe ogula cimanga amalembera timizere powerenga matumba.

Kodi phindu lace n'ciani? Eni ace anapereka citsanzo ca ulalo. Mphira wotere, woumbidwa kuti uzigonja ku katundu wolemera yekha, ukhoza kusunga ciwerengero ca malole amene adutsapo, ndipo akatswiri a miseu angadziwe nthawi yoyendera ulalowo usanagwe. Sufuna batire kapena waya, cinthu cofunika ku malo akutali ndi magetsi. Koma tisathamange mtima. Nchitoyi inali ya m'nyumba yoyeseramo zinthu, ndipo mphirawo suganiza monga munthu. Ungocita cimene unaumbidwira.

Ngakhale ziri tero, mbale wace wa mphira umenewu anafika kale m'zipatala zathu za kumidzi. Kuyambira m'caka ca 1996, timabotolo ta katemera wa poliyo timabwera ndi kacizindikiro komatidwapo: kabwalo kokhala ndi kabokosi koyererapo pakati pace. Katemera amaonongeka ndi kutentha, ndipo diso silingaone kuonongekako. Kabokosiko kamada pang'onopang'ono nthawi iri yonse pamene botolo latenthedwa, ndipo sikayeranso ngakhale botolo libwezedwe mozizira. Motero kamasunga mbiri ya ulendo wonse, kucokera ku fakitale kufikira pa njinga ya wa zaumoyo. Kabokosi kakada kufanana ndi kabwalo, kapena kuposa, katemerayo ayenera kutayidwa. Lero cizindikiroci ciri pa akatemera ena ambiri.

Cotero inu amai, popita ndi mwana ku sikelo, musaope kupempha anamwino mwaulemu kuti akuonetseni kacizindikiroka ndi kukuphunzitsani kawerengedwe kace. Akulu anati safunsa anadya phula. Kacidutswa ka pepala kangadziwe kuti mankhwala afa mphamvu, koma wotaya botolo loipa ndi kuteteza mwana ndi munthu amene wayang'anapo.