Wodwala chimfine avale masiki popita pagulu

Aliyense amene anakwerapo basi m'mamawa mwezi wa Juni kuchokera pa Jenda, kudzera pa Champhira kulowera ku Mzimba Boma, akudziwa m'mene zimakhalira. Chisanu chikalimba mazenera onse amatsekedwa, anthu nkukhala mothinana, wina mwana ali kumsana, wina thumba la mbatata liri pamiyendo. Posakhalitsa wina kumbuyoko amayamba kutsokomola ndi kuyetsemula, koma palibe wolabadira, pakuti tonse timati nchimfine chabe. Pakapita masiku awiri kapena atatu, ena mwa anthu aja amakhala ali gone kunyumba, thupi likutentha ndi kuphwanya, ntchito ya kudimba itaima.

Maganizo athu ndi akuti munthu amene ali ndi chimfine, akamapita pagulu, ayenera kuphimba mphuno ndi pakamwa. Nzeru imeneyi tinaiphunzira ndi misozi m'zaka za 2020 ndi 2021, ndipo nzomvetsa chisoni kuti ambiri a ife tinaitaya mliri wa Covid-19 utangozirala.

Chimfine chachikulu, chimene makolo athu anachitcha fuluwenza, chimadza ndi kachirombo kosaoneka ndi maso kamene kamakhala m'mphuno, pakhosi ndi m'mapapo. Wodwala akatsokomola, akayetsemula, akaimba, ngakhale akangolankhula, amatulutsa timadontho ta malovu tonyamula kachiromboko. Timadontho tokulirapo timagwa pansi pafupi naye, koma tina ntating'ono zedi kotero kuti timatsala tikuyandama mu mpweya, makamaka m'chipinda chotseka. Anthu a ku Champhira sasowa chitsanzo, pakuti m'mawa wa chisanu mpweya wotuluka m'kamwa umaoneka ngati nthunzi. Ndiponso tonse tikudziwa kuti wina akasuta fodya m'nyumba yotseka, wokhala kungodya amanunkhidwa utsi ngakhale sanamuyandikire. Umu ndi m'mene kachirombo ka fuluwenza kamayendera, kungoti iko kalibe fungo. Choopsa china nchakuti munthu angathe kupatsira anzake kutatsala tsiku limodzi kuti iye mwini ayambe kumva kudwala, ndipo amapitiriza kutero kwa masiku asanu kapena asanu ndi awiri.

Tisachipepule chimfine chimenechi. M'chaka cha 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ikutha, fuluwenza inasesa maiko onse ndi kupha anthu okwana 50 miliyoni. Ku South Africa kokha inapha anthu pafupifupi 300,000 m'milungu yowerengeka, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho inafika muno m'Nyasaland, nthawi imene asirikali ndi amtengatenga anali kubwerera kwawo. Miliri ina ya fuluwenza inadzanso mu 1957, mu 1968 ndi mu 2009. Ngakhale m'zaka zopanda mliri, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati fuluwenza imapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 chaka chirichonse.

Covid-19 imadza ndi kachirombo kena, koma njira yake ndi yomweyi ya mpweya. Odwala oyamba m'Malaŵi analengezedwa pa 2 Epulo 2020, ndipo pa 12 Januwale 2021 dziko lino linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Masiku amenewo aliyense anali ndi kansalu pamphuno, ndipo atelala m'misika anali kusoka masiki usana wonse. Matenda otere amayenda ndi anthu apaulendo. Boma la Mzimba, limene ana ake ambiri amapita ndi kubwera ku Joni, ndiponso liri ndi msewu wochokera pa Jenda wopita ku Lundazi m'dziko la Zambia, liyenera kukhala tcheru kuposa ena.

Ena amati masiki amabanikitsa. Nzoona kuti sakoma kuvala, koma kupirira ola limodzi m'basi nkwapafupi kusiyana ndi kugoneka gogo wa mnzako m'chipatala. Ena amachita manyazi, amati anthu awayesa odwala chifuwa chachikulu. Pamenepa olakwa ndife owonerera, amene timaseka munthu wochita bwino. Pachikhalidwe chathu munthu sayetsemulira mbale imene anzake akudyamo. Nanga bwanji tiyetsemulire mpweya umene anzathu akupuma? Wovala masiki podwala akuonetsa ulemu womwewo umene tinaphunzitsidwa tiri ana.

Komabe tinene zoona: masiki si chithumwa. Satchinga kachirombo konse, amangochepetsa, ndipo amathandiza kwambiri akavalidwa ndi wodwala mwini wake, pakuti timadontho tambiri timagwidwa tisanamwazike. Olimba koposa ndi aja otchedwa N95, kutsatira a kuchipatala, ndipo a nsalu amabwera pambuyo. Amene alibe ndalama asataye mtima, pakuti mu Juni 2020 a WHO analangiza kuti masiki a nsalu akhale ophatikiza nsalu zitatu, ndipo telala aliyense pa Jenda angathe kusoka otere. Chofunika nchakuti aphimbe mphuno ndi pakamwa popanda mipata, achapidwe ndi sopo tsiku ndi tsiku, ndipo akanyowa asinthidwe. Masiki olendewera pachibwano sathandiza munthu aliyense.

Pamodzi ndi masiki tiyeni titsegule mazenera m'basi, m'kalasi ndi m'tchalitchi ngakhale kukuzizira, pakuti chisanu chimagonja ndi juzi. Tizisamba m'manja ndi sopo. Tileke kugula makapisozi pamsika poti tichize chimfine, chifukwa mankhwala ngati amoxicillin sapha kachirombo ka fuluwenza. Wodwala apume, amwe madzi ambiri, ndipo akayamba kupuma movutikira kapena kumva kupweteka pachifuwa, athamangire naye ku chipatala cha pafupi, kaya ku Katete, ku Embangweni kapena ku Mzimba Boma. Amene fuluwenza imawagwetsa msanga ndi okalamba, ana osafika zaka 5, amayi oyembekezera, ndi odwala mphumu, shuga, chifuwa chachikulu kapena amene ali ndi HIV. Anthu amenewa tiri nawo m'nyumba iriyonse.

Tikupempha mafumu kuti alankhulepo pa za maliro, pamene amayi amachezera usiku wonse m'nyumba ya siwa akuimba, zitseko ziri zotseka. Wachimfine aloledwe kukhala panja kapena avale masiki, ndipo wina asamunene kuti ngwodzikuza. Aphunzitsi asaumirize mwana wotentha thupi kukhala m'kalasi. Akulu a mipingo alengeze m'mapemphero, ndipo oyendetsa mabasi asiye zenera limodzi kapena awiri osatseka. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Chisanu chisanafike, banja lirilonse lisunge masiki awiri kapena atatu ochapa bwino, kuti wina akangoyamba kutsokomola apeze chovala asanatuluke pakhomo.