Chinangwa Chathu Chifuna Akatswiri Athu

Mlimi wa ku Phalombe, kaya ndi wa kwa Mkhumba kaya wa kwa Nazombe, amadziŵa kuti chimanga chikakanika, makaka ndiwo amasunga mudzi. Komatu chinangwa chili ndi mdani wobisala, matenda otchedwa cassava brown streak, amene adayamba kulembedwa mu 1936 ku Amani, m'dziko la Tanganyika. Kuno kwathu adadziŵika kale m'mbali mwa nyanja ya Malaŵi. Mtengo ukhoza kuoneka wabwino, koma pokumba mupeza kuti mizu yaola m'kati. Popeza mbewu ya chinangwa imayenda ndi anthu, palibe dera linganene kuti latalikira.

Kodi mdani wotere tingamgonjetse bwanji? Thupi la chamoyo chilichonse lidapangidwa ndi timagawo tating'onoting'ono totchedwa maselo. Malangizo a moyo amasungidwa mu DNA, ndipo RNA ndiye mthenga wake. Kachilombo ka matendaŵa kamaloŵetsa uthenga wakewake m'selo, chomera n'kuyamba kumvera mlendo. Mu 1998 Andrew Fire ndi Craig Mello a ku America, pofufuza kanyongolotsi kena, adapeza kuti selo likapatsidwa chitsanzo cha uthenga mu RNA ya zingwe ziŵiri, limasaka uthenga wofanana nacho n'kuuduladula. Imeneyi ndiyo RNA interference, ndipo idaŵapatsa mphotho ya Nobel mu 2006. Mu 2021 boma la Kenya lidalola kuti chinangwa chotetezedwa mwa njira imeneyi chiyesedwe m'madera osiyanasiyana a dzikolo.

Apa mpamene masamu amaloŵerapo. Uthenga wa kachilomboka uli ndi zilembo pafupifupi 9,000, pamene DNA ya chinangwa ili ndi zilembo zopitirira 700 miliyoni. Wofufuza ayenera kusankha chidutswa chofanana ndi cha kachilombo chokha, kuopa kuti chomera chingaononge malangizo ake omwe. Palibe diso lingathe ntchito yotere. Imafuna kompyuta ndi munthu wodziŵa masamu ndi sayansi ya zamoyo pamodzi.

Munthu wotere sapsa tsiku limene walandira digiri ya PhD. Amafunika zaka zina ziŵiri kapena zitatu akufufuza molipidwa pansi pa katswiri wamkulu, monga mmisiri wamng'ono amene amayamba wasula makasu pa chipala cha wina asanakhale ndi chake. Pa zaumoyo chitsanzo tili nacho: bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, limene lidayamba mu 1995, laphunzitsa Amalaŵi ofufuza tizilombo ta matenda. Ine ndikuti pa zaulimi tichitenso chimodzimodzi. Boma lipatule ndalama za maudindo otere ku Chitedze ndi ku Bvumbwe, ku LUANAR ndi ku MUST, kuti wotsiriza PhD asaumirizidwe kusankha pakati pa choko ndi ndege.

Ena adzati nzeruzi tingozigula kunja. Koma mbewu yoyesedwa ku Kenya si mbewu ya ku Migowi. Komanso lamulo lathu la Biosafety la 2002 limafuna kuti mbewu zosinthidwa chibadwa ziyambe zaunikidwa. Nanga adzaunika ndani ngati tilibe athu odziŵa kuŵerenga zilembo zija? Dziko lopanda akatswiri ake limavomera mwakhungu, ndipo limakananso mwakhungu.

Inu aphunzitsi, musalole mwana kunena kuti wakonda Biology chifukwa chothaŵa masamu, pakuti m'mera mpoyamba. Inunso amene mwatsiriza Folomu 4, gwiritsitsani maphunziro aŵiriŵa pofunsira malo ku yunivesite. Ulendowu ngwautali, mwina zaka khumi ndi mphambu, koma chinangwa cha kunsi kwa phiri la Michesi chikudikira mwana wodziŵa nthaka yake.