Chifuwa cha M'tauni Chili ndi Nyengo Zake

Ambiri mwa ife tikapita ku Blantyre kapena ku Lilongwe m'miyezi ya Juni ndi Julaye timabwerako tikutsokomola, ndipo timangoti ndi chisanu. Chisanu chilipo ndithu, koma mumpweyamo mulinso tizinthu tina timene maso sangatione.

Akatswiri amatitcha PM2.5. Ndi tating'ono kwambiri, mwakuti kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, tiyenera kundandalikidwa pafupifupi 30. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno ndipo timalimina, koma timeneti timalowa mpaka pansi pa mapapo, tina n'kufika m'magazi. Timayambitsa chibayo mwa ana, timakulitsa mphumu, ndiponso timavutitsa mtima wa achikulire. M'chaka cha 2021, bungwe la WHO lidati pa chaka mpweya wabwino usapitirire mamaikilogalamu 5 a tizinthu timeneti pa kiyubiki mita imodzi.

Nanga timachokera kuti? Tina timatuluka kale tili mwaye: m'mbaula za makala, m'nkhuni, m'mauvuni a njerwa, m'zinyalala zotenthedwa, ndi m'malole a dizilo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja opitirira 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Koma tina timabadwira m'mwamba momwemo. Utsi wa galimoto ndi wa mafakitale uli ndi mipweya ya sulufule ndi naitirojeni. Mipweyayi ikakumana ndi amoniya wochokera ku ndowe ndi feteleza, dzuwa ndi chinyezi zikathandizira, pamapangika timchere touluka. Choncho mpweya wooneka woyera ukhoza kukhala wodetsedwa.

Nyengo ndiyo imasintha zonsezi. M'nyengo yachisanu, usiku mpweya wozizira umatsikira m'zigwa, ndipo wofunda umakhala pamwamba pake ngati chivindikiro cha mphika. Utsi wa m'mawa wa ku Ndirande kapena ku Mtandire sukwera, umangoyandama pamadenga, nthawi yomweyo imene ana akupita kusukulu. Chivindikiro chotere chidapha anthu osachepera 4,000 ku London mu Disembala 1952, pamene utsi wa malasha udatsekeredwa mumzindawo masiku asanu. Mu 1956 dzikolo lidakhazikitsa lamulo loletsa utsi wotere.

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala nkhani imakhala ina. Tchire limapsa, alimi amatentha mapesi posula minda, anyamata amayatsa moto posaka mbewa. Munthu akaima kwa Champiti m'boma la Ntcheu mwezi wa Okutobala, mapiri amaoneka mwachimbuuzi ndipo dzuwa limalowa lili psuu. Utsi umenewo suthera pamudzi. Umatha kukhala mumlengalenga masiku angapo, mphepo n'kuunyamula makilomita mazanamazana mpaka m'tauni, kumene umasakanikirana ndi fumbi la misewu yopanda phula. Nawo matumba a makala amene timawaona m'mbali mwa msewu wa M1 amatulutsa utsi kawiri: poyamba kumudzi pouotcha, kachiwiri m'tauni pophika. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala imatsuka mlengalenga, ndipo mapiri amaonekanso bwino. Koma pamenepo amayi amalowetsa moto m'khitchini ndi nkhuni zonyowa, utsi n'kuchuluka m'nyumba.

Ife akunyanja tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu a m'tauni okha. Mayi amene akuwamba nsomba ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota ali ndi mwana kumsana, akupumira limodzi ndi mwanayo tizinthu tomweti.

Tsono tichitenji? Phikirani panja kapena m'khitchini ya zenera, ndipo gwiritsani nkhuni zouma. Mbaula yadothi ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu. Musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, pakuti mpweya wake ulibe fungo koma umapha. Mapesi akwirireni m'munda kuti asanduke manyowa, ndipo mapulasitiki musawatenthe. Mwana wakhanda akhale patali ndi chiwambo cha nsomba. Mukaona mwana akupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, musadikire kuti kuche, thamangirani naye kuchipatala.

Moto umene tiyatsa kumunda kwathu amaupuma ndi ana a eni ake kutali, ndipo utsi wa anzathu timaupuma ndife. Chaka chino, chilimwe chisanafike, tikambirane ndi mafumu athu za moto wa tchire.