Kuona maso a nkhono n'kudekha

Mwambi uwu ndi umene ndikufuna tiutengere kusukulu lero. Ana athu kuno ku Msundwe amatha kutchula mkango, njovu ndi chipembere m'Chingerezi mosadodoma, koma mukawafunsa chimene nantchengwa amadya kudambo, amangoyang'anana. Aloweza mayina a nyama zimene sanazionepo, pamene za pakhomo pawo sakuzidziwa.

Makalabu a zachilengedwe m'sukulu si achilendo m'dziko muno. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lakhala likuwalimbikitsa kwa zaka zambiri. Pempho langa n'lakuti kalabu iliyonse isankhe cholengedwa chimodzi, ana achitsate chaka chathunthu, n'kumalemba m'kope zimene aona ndi maso awo.

Titenge kadzidzi. Makolo anatiuza kuti akalira padenga ndiye kuti pamudzi pagwa maliro, ndipo anyamata amamuthamangitsa ndi malegeni. Koma mwana amene watola zimene kadzidzi walavula pansi pa mtengo, n'kupezamo ubweya ndi timafupa ta mbewa ndi makoswe, adzazindikira yekha amene amalondera nkhokwe ya amayi ake usiku. Akadekha ndithu, adzaonanso kuti kadzidzi nthawi zina amalowa m'chisa chachikulu chija cha nantchengwa n'kuswera momwemo.

Aphunzitsi ena adzati nthawi ndi yochepa, mayeso a MANEB ali pafupi. Nkhawa imeneyi ndikuimvetsa. Komabe mwana amene wazolowera kupenyetsetsa, kuwerengetsa ndi kulemba zoona zokhazokha, sayansi ya m'kalasi siimusautsa.

Tisaiwalenso kuti nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe wodzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, inadyeka ndi makala mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015. Lamulo la mu 2017 linakhwimitsa chilango, moti wopezeka ndi ngaka angathe kukhala kundende zaka zofika 30. Mfuti ndi ndende zimaopseza, koma munthu amasamala chimene akuchidziwa bwino.

Choncho inu aphunzitsi aakulu, itanani agogo a m'midzi yozungulira adzafotokozere ana mayina, nthano ndi miyambi ya zinyama asanapite nazo kumanda. Buku lidzawongola pamene mwambo unaphonya, monga pa nkhani ya kadzidzi, ndipo agogo adzadzaza pamene buku lili chete. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.