TIDZIWE MPINGO WATHU: Kodi Kredo Inacokera Kuti?

Lamulungu lililonse, wansembe akatsiriza kulalika, tonse timaimirira ndi kunena Kredo, pemphero lobvomereza cikhulupiriro cathu. Ambiri tinaliloweza tili ana, ndipo nthawi zina pakamwa pamangoyenda pokha, mtima uli ku ndiwo za masana. Komatu mau amenewa sanapezeke mosabvuta. Makolo athu m'cikhulupiriro anakangana zaka zambiri, ndipo ena anapirikitsidwa kwao cifukwa ca iwo. Mwezi uno tafotokoza maina asanu otithandiza kudziwa m'mene Kredo inabadwira.

ARIUS: Anali wansembe wa ku Alexandria, mzinda waukulu wa ku Egypt, koma kwao kunali ku Libya. Anali katswiri pa kulankhula ndiponso munthu wodzimana, cotero ambiri anamkonda. Ca m'ma 318 anayamba kuphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu ndi colengedwa: coposa zolengedwa zonse inde, koma colengedwa ndithu. Anati inalipo nthawi imene Mwanayo kunalibe. Maganizo akewa anawaika m'nyimbo zosabvuta, ndipo anthu wamba ankaziimba pa nchito ndi pa ulendo. Episkopi wake, Alexander, anamletsa, koma mkanganowo unali utafalikira kale ngati moto wa m'thengo nthawi ya cilimwe. Arius anamwalira mu 336.

NICAEA: Ndi mzinda umene lero uchedwa İznik, m'dziko la Turkey. Mu 325 mfumu yaikulu ya Aroma, Constantine, inaitanira aepiskopi kumeneko kuti athetse mkangano wa Arius. Uwu ndiwo unali msonkhano woyamba wa aepiskopi a Mpingo wonse. Mwambo wakale umanena kuti anasonkhana aepiskopi 318. Papa Sylvester sanapite, koma anatuma ansembe awiri kukamuimira. Panali patangopita zaka 12 cikhalire Akristu analoledwa kupembedza mwaufulu mu 313, ndipo ena mwa aepiskopiwo anafika ndi zipsera za mazunzo m'thupi mwao. Msonkhano unakana ciphunzitso ca Arius, unalemba Kredo yoyamba, ndiponso unagwirizana kuti Akristu onse azicita Pasaka tsiku limodzi. Aepiskopi awiri okha, onse a ku Libya, ndiwo anakana kusaina. Mu 2025 panakwana zaka 1,700 cicitikire msonkhanowu.

HOMOOUSIOS: Ndi liu la Cigriki limene msonkhano wa Nicaea unasankha. Litanthauza kuti Mwana ali ndi umulungu umodzimodzi ndi Atate. Liuli silipezeka m'Malembo Oyera, ndipo ena anadandaula pa cifukwa cimeneco. Koma aepiskopi anaona kuti otsatira Arius ankabvomera mau onse a m'Malembo, uku akuwapotoza kuti agwirizane ndi maganizo ao. Panafunika liu limodzi losatheka kulizemba. Ena anafuna kuonjezamo cilembo cimodzi cokha kuti likhale homoiousios, kutanthauza kuti Mwana angofanana cabe ndi Atate. Kacilembo kamodziko kakanasintha cikhulupiriro conse, pakuti kufanana ndi mfumu sikukhala mfumu.

ATHANASIUS WOYERA: Anapita ku Nicaea ali dikoni wacinyamata, woperekeza Episkopi Alexander. Mu 328 analowa m'malo mwa Alexander, nakhala episkopi wa Alexandria zaka 45. Msonkhano utatha, otsatira Arius sanagonje. Anakopa mitima ya mafumu, ndipo Athanasius anacotsedwa pa mpando wake kasanu. Anakhala kunja kwa mzinda wake zaka pafupifupi 17: ku Trier, kumene lero ndi ku Germany, ku Roma, ndiponso m'cipululu ca Egypt, kumene amonke anambisa. Mfundo yake inali imodzi: colengedwa sicingapulumutse colengedwa cinzake. Ngati Yesu si Mulungu weniweni, ndiye kuti imfa yake pa mtanda sinatiombole. M'kalata yake ya Pasaka ya mu 367 analemba maina a mabuku 27 a Cipangano Catsopano, omwewo amene tiwerenga lero. Anamwalira pa 2 May 373, ndipo Mpingo umamkumbukira tsiku lomwelo caka ciliconse. Tisaiwale kuti ngwazi imeneyi inali mwana wa Africa.

CONSTANTINOPLE: Ndi mzinda umene lero uchedwa Istanbul. Mu 381 mfumu Theodosius inaitanira kumeneko aepiskopi pafupifupi 150, cifukwa ena anayamba kukana kuti Mzimu Woyera ndi Mulungu. Msonkhanowu unalimbikitsa zimene Nicaea inaphunzitsa, nufotokoza momveka kuti Mzimu Woyera alandira ulemu umodzimodzi ndi Atate ndi Mwana. Kredo yaitali imene timanena pa Misa inacokera ku misonkhano iwiriyi, kupatula mau ocepa amene Mpingo wa kumadzulo unaonjeza pambuyo pake. Yaifupi ija, imene timayambira Korona, ndi Kredo ya Apostoli, ndipo inacokera ku mau amene obatizidwa ankabvomereza ku Roma.

Owerenga okondedwa, nkhaniyi si yakale cabe. Ngakhale lero alipo amene amagogoda pa makomo athu ndi kutiuza kuti Yesu ndi wamkulu, koma si Mulungu. Tiwalandire mwaulemu, osanyoza, koma tidziwe kuti Mpingo unayankha kale funso limeneli. Tikamagwada pamaso pa Ukaristia, sitigwadira mngelo kapena mneneri: tigwadira Mulungu amene anadzakhala munthu cifukwa ca ife. Makolo, khalani pansi ndi ana anu madzulo ena, munene Kredo pang'onopang'ono ndi kuwafotokozera mau ake. Citani cimodzimodzi m'timagulu tanu ta Akristu. Mwezi wa mawa tidzaona za msonkhano wa ku Ephesus wa mu 431, umene unabvomereza kuti Maria ndi Amai a Mulungu.