Mipikisano ya triathlon: phunziro kwa Salima ndi ukhondo wa madzi

SALIMA: Nyengo ya mipikisano ikuluikulu ya triathlon ya chaka cha 2025 idatha mu Okutobala mumzinda wa Wollongong m'dziko la Australia, komwe Matthew Hauser wa dziko lomwelo ndi Lisa Tertsch wa ku Germany adakhala akatswiri a dziko lonse lapansi.

Mipikisanoyi, yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la World Triathlon, idayambira ku Abu Dhabi nkudzera m'mizinda monga Yokohama ku Japan, Hamburg ku Germany ndi Weihai ku China, koma palibe ndi umodzi womwe umene udachitikira mu Africa muno. Mzinda wa Cape Town ku South Africa ndiwo udalandirako mipikisano ya mlingo umenewu kuyambira mu 2014 kufikira mu 2016.

Triathlon ndi masewero atatu ochitika motsatizana popanda kupuma. Pa mtunda womwe umagwiritsidwa ntchito ku masewero a Olympics, wopikisana amasambira kilomita imodzi ndi theka, kupalasa njinga makilomita 40 kenaka kuthamanga makilomita 10, ndipo akatswiri amamaliza zonsezi maola awiri asanakwane. Masewerowa adalowa mu Olympics ku Sydney m'chaka cha 2000.

Nkhaniyi ikukhudza boma la Salima kaamba koti gawo loyamba la mpikisanowu limafuna madzi a pamtetete monga nyanja kapena mtsinje, chomwe ndi chuma chachikulu cha bomali. Senga Bay ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Lilongwe kudzera mumsewu wa M14, zomwe zikutanthauza kuti mlendo wotsika ndege pa bwalo la Kamuzu atha kukagona kunyanja tsiku lomwelo.

Derali lili ndi malo ogona alendo monga Sunbird Livingstonia Beach ndipo lidaonetsa kale kuti lingathe kusunga chinamtindi cha anthu pomwe lidalandira chikondwerero cha Lake of Stars mu 2018.

Osambira a m'maiko akunja akhala akulidziwa gombeli kwa zaka zambiri. Mu 1992 Lewis Pugh adaoloka nyanja posambira mtunda wa makilomita pafupifupi 25 pakati pa Cape Ngombo, tsidya la kum'mawa, ndi Senga Bay, ndipo ena adatsatira m'zaka za pambuyo pake. Mu 2019 Martin Hobbs wa ku South Africa adasambira kutalika konse kwa nyanja ya Malawi m'masiku 54.

Komabe zomwe zachitika m'mipikisano ya zaka zaposachedwapa zikuonetsa kuti kukongola kwa malo pakokha sikuitanitsa mpikisano. Chomwe oyendetsa masewerowa amayamba kufunsa ndi zotsatira za kupima madzi.

Pa masewero a Olympics a ku Paris mu 2024, dziko la France lidaononga ndalama pafupifupi 1.4 biliyoni euro poyeretsa mtsinje wa Seine. Ngakhale zidali chomwecho, mvula itagwa tizilombo toyambitsa matenda tidachuluka m'madzimo kotero kuti mpikisano wa amuna udasunthidwa kuchoka pa 30 Julaye kufika pa 31 Julaye, tsiku lomwe Alex Yee wa ku Britain adapambana pa amuna ndipo Cassandre Beaugrand wa ku France adapambana pa akazi.

Izi zisanachitike, mu Julaye 2023, anthu oposa 50 adadwala m'mimba atasambira pa mpikisano wa mumzinda wa Sunderland ku England, ndipo mbiri ya matendawo idamveka kutali kuposa maina a omwe adapambana.

Malamulo a World Triathlon amafuna kuti madzi apimidwe mpikisano usanachitike pofuna kudziwa kuchuluka kwa tizilombo totchedwa E. coli ndi enterococci, tomwe timasonyeza kuti m'madzimo mwalowa chimbudzi cha anthu kapena ziweto. Tizilomboti tikapyola mlingo, gawo losambira limachotsedwa kapena mpikisano umaimitsidwa, posatengera ndalama zomwe okonza alowetsapo.

Apa ndi pomwe pagona nkhani ya Salima. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udakhudza kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja, komwe madoko ambiri a asodzi amakhala ndi anthu ochuluka koma zimbudzi zochepa. Mvula ikagwa, zonyansa za kumtunda zimakokolokera m'madzi omwewo amene anthu amasamba, kuchapa ndi kutunga.

Palinso matenda a likodzo omwe amafala kudzera mu nkhono za m'madzi, makamaka m'malo a mabango ndi madzi odikha. Maiko ambiri amachenjeza nzika zawo za matendawa zisanabwere kunyanja ya Malawi, ndipo dokotala wa timu iliyonse angafune umboni wolembedwa asanalole osewera ake kulowa m'madzi.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Mphepo ya mwera yomwe imaomba m'miyezi yozizira imautsa mafunde aakulu, pomwe miyezi ya Okutobala ndi Novembala imatentha koopsa kwa munthu wothamanga masana. Mu 2024 madzi a m'nyanjayi adakwera mpaka kumiza magombe ndi malo ena ogona alendo, chomwe ndi chikumbutso chakuti tsiku ndi malo a mpikisano ziyenera kusankhidwa potsatira zolembedwa za akatswiri a zanyengo ndi zamadzi.

Gawo la njinga limafuna msewu wa phula wopanda maenje womwe ungatsekedwe kwa maola angapo, popeza opikisana amathamanga m'chigulu pa liwiro loposa makilomita 40 pa ola. Msewu wochokera pa boma la Salima kupita ku Senga Bay ndi womwe amadalira akabaza, ogulitsa nsomba ndi alimi tsiku ndi tsiku, choncho kuutseka kungafune kumvana pakati pa khonsolo, apolisi, mafumu ndi amalonda. Paja akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Mbali ina ndi ya osewera eni dziko. Ku Paris dziko la Malawi lidatumiza osewera atatu okha, awiri osambira ndi mmodzi wothamanga. Chikhalirecho ana a asodzi amakula akusambira m'nyanja, anyamata akabaza amapalasa makilomita ambirimbiri pa tsiku, ndipo mpikisano wa Porters Race pa phiri la Mulanje wakhala ukuonetsa kupirira kwa othamanga a dziko lino. Chosowa ndi aphunzitsi, njinga zoyenera ndi ndondomeko yosonkhanitsa luso limeneli, pogwiritsanso ntchito dziwe losambiriramo lomwe lidamangidwa ku Lilongwe pokonzekera masewero a Region 5 a mu 2022.

Njira yomwe Salima ingatsate ikuoneka ku Zimbabwe, komwe malo a Troutbeck ku Nyanga akhala akuchititsa mpikisano wa Africa Triathlon Cup kwa zaka zambiri pa damu laling'ono la m'mapiri. Dzikolo lidayamba ndi mipikisano ya m'dziko momwemo, kuphunzitsa oyimbira ndi kupeza makampani othandiza, kufikira osewera a maiko ena adayamba kubwera kudzafuna mapointi.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amatchula ntchito zokopa alendo ngati gawo limodzi lotukulira chuma. Kuti masewero a m'madzi athandizepo, ntchito yoyamba ili m'manja mwa khonsolo ya Salima ndi maunduna oona za umoyo ndi za madzi: kumanga zimbudzi m'madoko, kupima madzi a ku Senga Bay mwezi ndi mwezi ndi kusunga zotsatira zake poyera.

Mpikisano wa triathlon umatenga tsiku limodzi kapena awiri, koma madzi omwe angavomerezedwe kuti akatswiri asambiremo ndi omwewo amene mabanja a m'mphepete mwa nyanja ku Salima amagwiritsa ntchito chaka chonse.